Gomani Chikuse adafera mkangano wa antchito

Inu amene mumakapikula kachewere ndi kabichi ku Tsangano kapena ku Lizulu, dera la Dombole mumalidziwa. Kumeneko ndi komwe kudagona Inkosi Gomani Chikuse, amene atsamunda adamuwombera pa 27 October 1896. Kusukulu adatiphunzitsa kuti adafa chifukwa chokana kugonjera mzungu, ndipo zimenezo nzoona. Koma aphunzitsi athu ankadumpha gwero la mkanganowo. Chimene ankalimbirana Gomani ndi azungu chidali manja ndi misana ya anthu a ku Ntcheu: azigwirira ntchito yani?

Gomani adalowa ufumu wa Angoni a kwa Maseko mu 1891 atamwalira bambo ake, Chikuse. Chaka chomwecho Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, bwanamkubwa wake Harry Johnston. Mfumu yatsopanoyi idali yachinyamata, ndipo siidapume nkomwe. Mbale wake Kachindamoto adakana kuigwadira, nkhondo yapachiweniweni nkubuka mpaka 1894. Midzi idapsa, minda idagonera, anthu adabalalika.

Tsono tikumbuke kuti chuma cha mfumu ya Chingoni masiku amenewo sichidali ng'ombe zokha ayi. Chuma chenicheni chidali anthu. Ambiri mwa anthu a Gomani adali Achewa, Antumba ndi ena ogwidwa kunkhondo, kapena ana awo. Iwowa ndiwo ankalima minda ya akuluakulu ndi kunyamula zishango pakamveka mfuu. Munthu mmodzi akachoka, mfumu idataya khasu ndi mkondo nthawi imodzi.

Nthawi yomweyo ku Blantyre, Zomba ndi Mulanje azungu adali pakalikiliki kubzala khofi. Njanji kudalibe, choncho katundu yense wochokera kudooko la pamtsinje wa Shire ankakwera phiri pamitu ya amtengatenga. Anthu a kufupi sadakwane, maso onse adaloza ku Ungoni. Joseph Booth atafika mu 1892 adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, mishoni yodzidyetsa ndi minda yake, ndipo posakhalitsa idatsegula nthambi ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, pakhomo penipeni pa Gomani. Anyamata adayamba kutsetsereka kummwera m'magulumagulu kukagwira miyezi ingapo, malipiro ake nsalu. Kwa munthu amene moyo wake wonse ankalimira wina popanda cholandira, nsalu imeneyo siidali yochepa. Ena pobwerako sadabwererenso kumidzi ya indunazo, adakamanga pafupi ndi mishoni, poti pamenepo mthenga wa mfumu sankafikapo mwachisawawa.

Mu October 1896 Gomani adatopa nazo. Ankhondo ake adatentha midzi ya m'mbali mwa mamishoni aja ndi kugwira anthu amene adamuthawa. Boma la ku Zomba, lomwe lidali kale ndi njala yokhometsa msonkho ku Ungoni, lidapezerapo danga nkutumiza asilikali. Mabuku a atsamunda amati adamuzenga mlandu asadamuphe. Akuluakulu a ku Ntcheu amasimba zina: kuti pomutengera kummwera atamumanga, adakhala pansi nkukana kuyenda ngati kapolo, ndipo adamuwombera pomwepo. Ine ndimakhulupirira akuluakuluwo. Adangolamulira zaka 5 zokha, nasiya mwana wamng'ono, Philip, amene mu 1953 nayenso adachotsedwa paufumu chifukwa chokana chitaganya.

Nanga anthu aja azungu ankati akuwawombola, zidawathera bwanji? Msonkho wa nyumba udalowa m'midzi yonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma la Alfred Sharpe lidakonza lamulo lochenjera kwabasi: msonkho 6 shillings, koma ukagwirira mzungu mwezi umodzi ulipira 3 yokha. Chikwapu sichidafunikenso, msonkho ndiwo unkam'tulutsa munthu m'nyumba. Amene adasamukira m'maesiteti adakakumana ndi thangata, ena adalowera ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni.

Apa ndinene poyera, ngakhale ndikudziwa kuti ena akwathu sakondwa nazo. Gomani adali wolimba mtima, ndipo imfa yake ndi yoyenera kuikumbukira chaka ndi chaka monga timachitira. Koma sadafere ufulu wa wantchito. Iye ankati anthuwa ndi anga, mzungu ankati andigwirire ine, ndipo mwini thukuta palibe adamufunsa maganizo.

Lero malamulo alipo. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera ndi kulowa bungwe la antchito. Tili ndi Labour Relations Act ya 1996, Employment Act ya 2000, khoti la nkhani za antchito, ndi ofesi ya leba paboma. Boma limalengezanso malipiro ochepetsetsa amene bwana sayenera kutsikirapo.

Komabe taonani mmene ambiri a ife timapezera mnyamata wa paokala kapena mtsikana wa m'nyumba ku Ndirande ndi ku Kawale. Timatuma uthenga kumudzi kuti atipezere mwana waulemu, wosayendayenda. Mtengo timapangana ndi amalume ake kapena mayi ake, iye ali chete pakhonde ndi kachikwama kake. Akafika m'tauni timati ndalama tizikusungira kuti ungaononge. Amatsegula okala mbandakucha, kutseka usiku, Sabata lomwe. Pakatha chaka nkunena kuti akufuna kupita kwawo, ndi pomwe timatulutsa kope lija tidalembamo shuga yemwe adasowa ndi mbale zomwe adaswa. Zotsalazo nthawi zambiri zimangokwana basi yokamutsitsa pa Ntcheu.