Garrincha: mfumu ya njomba yomwe idadziwa nthawi yopatsira

Mukafika pabwalo la mpira kwa Chisepo m'boma la Dowa Lamulungu masana, simulephera kupeza mnyamata mmodzi yemwe akagwira mpira safuna kuusiya. Amadyetsa njomba uyu n'kudyetsanso uyo, ochemerera ali m'manja ndi mluzu, koma mapeto ake mpira n'kulandidwa anzake akudikira pagolo. Akuluakulu kunja kwa bwalo amagawikana: ena amati mwanayo ndi dolo, ena amati ndi wodzikonda.

Mkangano umenewu si wa lero. Udavutapo ngakhale timu ya dziko la Brazil m'chaka cha 1958, ndipo gwero lake adali mnyamata wa miyendo yokhota wotchedwa Garrincha.

Dzina lake lenileni lidali Manuel Francisco dos Santos. Adabadwa pa 28 October 1933 ku Pau Grande, kamudzi ka m'mphepete mwa mapiri m'chigawo cha Rio de Janeiro. Mwendo wake wina udakhotera mkati, wina kunja, ndipo umodzi udali wamfupi kuposa unzake. Dzina loti Garrincha ndi la kambalame kakang'ono konga timba, ndipo adampatsa ndi mlongo wake chifukwa cha kuchepa msinkhu.

Adakula akusaka mbalame ndi kusewera mpira wopanda nsapato ngati ana a kwathu kuno. Ali ndi zaka 14 adayamba ntchito pafakitale yoomba nsalu ndipo ankasewerera timu ya pafakitalepo.

Mwayi udamugwera m'chaka cha 1953 pomwe adakayesedwa kutimu ya Botafogo. Tsiku limenelo adadutsitsa mpira pakati pa miyendo ya Nilton Santos, wotchinga kumbuyo wa timu ya dziko. Botafogo idamutenga, ndipo pamasewero ake oyamba, olimbana ndi Bonsucesso, adamwetsa zigoli zitatu.

Njomba yake idali imodzimodzi. Ankaima ndi mpira kuphiko la kumanja, kupendekera ngati akulowera mkati, kenaka n'kuphulika liwiro chakunja. Aliyense ankaidziwa njombayo, koma woiletsa adasowa. Vuto lidali loti nthawi zina akamudutsa munthu ankamudikira kuti amudutsenso kachiwiri, anzake ali chiimire.

Mu May 1958, Brazil ili paulendo wa ku Sweden kumpikisano wa chikho cha dziko lonse, idasewera masewero apaubale ndi timu ya Fiorentina ku Italy. Garrincha adadutsa otchinga kumbuyo angapo ndi goloboyi yemwe. Golo ili pululu, sadamenye. Adadikira wotchinga wina yemwe ankathamangira kudzapulumutsa, n'kumuzemba, kenaka n'kulowa nawo mpira muukonde.

Ochemerera adasangalala, koma ambiri amakhulupirira kuti chibwana chimenechi chidawaopsa aphunzitsi. Mpikisano utayamba, mphunzitsi Vicente Feola adaika Joel pamalo pake. Brazil idagonjetsa Austria 3-0, koma idalepherana ndi England 0-0. Mpira unkayenda bwino kuchoka phazi ili kupita phazi ilo, koma padalibe wong'amba khoma la adani.

Pa 15 June, polimbana ndi Soviet Union mumzinda wa Gothenburg, Feola adalowetsa Garrincha pamodzi ndi Pelé, yemwe adali ndi zaka 17 zokha. M'mphindi yoyamba Garrincha adazunguza otchinga kumbuyo n'kumenya chitsulo cha golo. Pelé naye adamenya chitsulo. Pamphindi yachitatu Didi, katswiri wogawa mipira pakati, adapatsira Vavá yemwe adamwetsa. Brazil idapambana 2-0.

Apa mpamene padaonekera chinsinsi. Garrincha akathamanga ndi mpira, adani awiri kapena atatu ankamuunjirira, n'kusiya mipata pakati. Adani akatseka pakati poopa mipira ya Didi, Garrincha ankatsala ndi munthu mmodzi, ndipo munthu mmodzi sadali kanthu kwa iye. Kuthamanga ndi mpira kunkatsegulira njira kupatsirana, kupatsirana nako n'kutsegulira njira kuthamanga.

Pamasewero otsiriza pa 29 June, eni bwalo, Sweden, ndiwo adayamba kumwetsa pamphindi yachinayi. Kawiri konse Garrincha adamuzemba womutchinga kuphiko la kumanja mpaka kufika kumzere wakumapeto. Ulendo uno sadadikire munthu. Adaponya mpira wapansi kutsogolo kwa golo, ndipo kawiri konseko Vavá adangogunda. Brazil idapambana 5-2 n'kutenga chikhocho koyamba. Garrincha sadamwetse chigoli n'chimodzi chomwe mumpikisanowo, koma palibe adakayika za ntchito yake.

M'chaka cha 1962 ku Chile zinthu zidatembenuka. Pelé adavulala pamasewero achiwiri, ndipo katundu yense adagwera Garrincha. Apa timu inkafuna kuti iye azimaliza yekha, ndipo adaterodi. Adamwetsa ziwiri pogonjetsa England 3-1, ziwirinso pogonjetsa Chile 4-2. Adatulutsidwa m'bwalo pamasewero a Chile, koma adaloledwa kusewera otsiriza pomwe Brazil idaswa Czechoslovakia 3-1 n'kusunga chikho.

Chodabwitsa n'choti Brazil sidagonjepo Garrincha ndi Pelé akakhala limodzi m'bwalo. Pamasewero 50 omwe Garrincha adasewerera dziko lake adagonja kamodzi kokha, tsiku lake lomaliza, pomwe Hungary idapambana 3-1 mumzinda wa Liverpool m'chaka cha 1966. Tsikulo Pelé adali wovulala.

Pofika nthawiyo bondo lake lidali litatheratu. Adali atachoka ku Botafogo ndipo adayendayenda m'matimu angapo koma liwiro lija silidabwererenso. Kunja kwa bwalo moyo wake udasowa chiwongolero. Mowa udamugwira, ndalama zidatha, mabanja adasokonekera. M'chaka cha 1969 adachita ngozi ya galimoto yomwe idapha apongozi ake, mayi a woimba wotchuka Elza Soares, ndipo chisoni chidamukankhira kwambiri kubotolo.

Adamwalira pa 20 January 1983 ndi matenda a chiwindi ali ndi zaka 49. Thupi lake lidagonekedwa pabwalo la Maracanã, ndipo chikhamu cha anthu chidaliperekeza kwawo komwe adakaikidwa. Bwalo lalikulu la mumzinda wa Brasília lidatchedwa dzina lake.

Aphunzitsi a matimu a kwa Chisepo, ku Mponela ndi ku Ntchisi, musafulumire kumukhazika pabenchi mnyamata wa njomba uja, pakuti timu yongopatsirana popanda wong'amba imatha mphindi 90 ikuzungulira panja pa mpanda. Muphunzitseni kudzutsa mutu akadutsa munthu woyamba. Naye mnyamatayo adziwe kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chigoli cha ku Fiorentina chija chidali cha masewero apaubale chabe, koma mipira iwiri yomwe Garrincha adampatsira Vavá ndiyo idatsegula njira ya chikho.