John Chard, injiniya amene anamanga linga ndi matumba a cimanga

Tikamva za mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo, ambili timaganiza za msilikali wodziwa kuombela mfuti. Koma pagulu la asilikali pamakhalanso mainjiniya, anthu omanga milatho, misewu ndi malinga. Mmodzi wa iwo anali a John Chard a ku England, amene analandila Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya Angelezi, imene inakhazikitsidwa mu 1856.

A Chard anabadwa pa 21 December 1847 kufupi ndi Plymouth. Ataphunzila usilikali ku Woolwich, analowa gulu la Royal Engineers mu 1868, ndipo anagwila nchito yomanga malinga ku Bermuda ndi ku Malta. Kwa zaka zoposa 10 sanalaweko nkhondo.

Mu January 1879 Angelezi anaputa nkhondo ndi Azulu a Mfumu Cetshwayo. A Chard anatumizidwa ku Rorke's Drift kukakonza mapantoni owolotsela asilikali ndi ngolo pa mtsinje wa Buffalo. Pamalopo panali mishoni ya anthu a ku Sweden. Nyumba ya mbusa inasandutsidwa cipatala, ndipo nyumba yopemphelelamo inakhala nkhokwe.

Pa 22 January Azulu anagonjetsa Angelezi pa phili la Isandlwana, napha anthu oposa 1,300. Madzulo ake gulu lina la Azulu 3,000 kapena 4,000, lotsogozedwa ndi Dabulamanzi, mbale wa mfumu, linalunjika ku mishoni. Mkulu wa pamalopo anali atacokapo, motelo udindo unagwela a Chard, ndi anthu pafupifupi 150, ena odwala.

A James Dalton, woyang'anila katundu, analangiza kuti kuthawa ndi odwala pa ngolo kudzakhala imfa, ndipo a Chard anamvela. Anaunjika matumba a cimanga kupanga khoma kucokela ku cipatala mpaka ku nkhokwe. Asilikali ena othandizila atathawa, anaona kuti lingalo lakula kuposa anthu olilonda, ndiye analidula pakati ndi mabokosi a mabisiketi. Cipatala citayaka moto, onse anabwelela kuseli kwa mabokosiwo ndi kulimbikila usiku wonse. Kutaca Azulu anacoka. Angelezi anafa 17. Mitembo ya Azulu imene inawelengedwa pamalopo inali 351, osawelengela ovulala amene anafa pambuyo pake.

Anthu 11 analandila Victoria Cross cifukwa ca usiku umodziwo. A Chard analandila yawo pa 16 July 1879, anakwezedwa udindo, ndipo Mfumukazi Victoria inawaitana ku Balmoral. A Dalton, eni malangizo aja, anakumbukilidwa mocedwa. Olemba mbili ambili amanena kuti kuculuka kwa mamendulo kunathandiza boma kubisa manyazi a ku Isandlwana.

Pambuyo pake a Chard anatumikila mwakacetecete ku Cyprus, Singapore ndi Scotland. Sanakwatile. Anadwala khansa ya lilime, namwalila pa 1 November 1897 kunyumba kwa mbale wawo, mbusa wa ku Hatch Beauchamp, ali ndi zaka 49.

Sitingakane kuti anali munthu wa mtima ndi nzelu. Anamvela womucepela pa udindo, sanasiye odwala, ndipo anagwilitsa nchito zimene zinalipo. Koma tisaiwale kuti amene anagona pafupi ndi matumba aja anali kuteteza dziko lawo. Angoni athu, amene anawoloka Zambezi mu 1835, anacokela komweko kum'mwela, ndipo a kwa Mpezeni nawonso anakumana ndi mfuti za Angelezi mu 1898. Mendulo imapelekedwa ndi wopambana, ndipo imapita kwa anthu ake. Ife powelenga mbili ya a Chard tilemekeze kulimba mtima kwawo, koma tikumbukilenso olimba mtima aja amene maina awo sanalembedwe paliponse.