Willem Einthoven, Amene Analemba Kugunda kwa Mtima

Pa tchuthi chapitachi ndinaperekeza agogo anga kuchipatala, pakuti amadwala nthenda ya shuga, ndiponso mtima umawavuta. Poyeza shuga anawabaya chala, iwo n'kudandaula monga mwa masiku onse. Koma poyeza mtima anangowamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, makina nalemba mizere papepala, osataya ngakhale dontho la magazi. Nditabwerera kusukulu ndinafunafuna mwini nzeru imeneyi, ndipo anzanga, zimene ndinapeza ndi izi.

Willem Einthoven anabadwa mu 1860 ku Semarang, pa chisumbu cha Java, chimene masiku amenewo chinali m'manja mwa Adatchi. Atate wake, amene anali dokotala, anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo mu 1870 amake anatenga ana napita nawo ku Utrecht, m'dziko la Holland. Kumeneko anaphunzira udokotala, ndipo pofika 1886 anali mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Leiden.

Anthu ophunzira anali atadziwa kale kuti mtima pogunda umatulutsa magetsi ochepa kwambiri, amene amafika mpaka pakhungu. Chovuta chinali kuwayeza bwino. Tsono Einthoven anatenga kaulusi ka mwala wotchedwa quartz, kochepa koposa tsitsi, nakakuta ndi siliva, nakamanga pakati pa maginito amphamvu. Magetsi a mtima akadutsamo kaulusiko kankagwedezeka, ndipo mthunzi wake unkajambulidwa. Makinawa anayamba kugwira bwino ntchito cha mu 1903.

Musayese kuti anali onyamulika, iyayi. Ankalemera mapaundi ngati 600, ndipo owayendetsa ankafunika anthu asanu. Wodwala ankaviika manja onse awiri ndi phazi limodzi m'zidebe za madzi a mchere. Agogo anga akadakana ndithu! Popeza makinawo sakadatha kupita kwa odwala, mu 1905 Einthoven analumikiza chipatala cha Leiden ndi nyumba yake yogwiriramo ntchito ndi waya wa telefoni, wotalika pafupifupi mailo imodzi. Motero ankawerenga mtima wa munthu amene sankamuona n'komwe. Ichi ndicho chinandizizwitsa koposa.

Zilembo P, Q, R, S ndi T, zimene madokotala amatchulira mapiri ndi zigwa za mizere ija, anaziika ndi iyeyo. Analandira mphotho ya Nobel mu 1924, namwalira ku Leiden mu 1927.

Koma za shuga, makina odalirika oyezera popanda kuboola khungu sanafikebe m'zipatala, kotero mwezi wamawa agogo akabayidwanso chala.