Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi amene ankamata mapepala

Mwana wa ku Moatize kapena ku Zóbuè akatola katoni pamsika n'kupanga ndege, akulufe timati akungotaya nthawi. Koma ku Russia kunali bambo wina amene anadula ndi kumata mapepala mpaka ukulu wake. Dzina lake ndi Konstantin Tsiolkovsky. Dzinali ndi lopinda lilime, ndiye tizingoti Konstantin.

Anabadwa mu 1857 m'mudzi wa Izhevskoye. Bambo ake ankayang'anira nkhalango. Mayi ake ndiwo anamuphunzitsa kuwerenga. Ali ndi zaka pafupifupi 10 anadwala kwambiri, ndipo atacira makutu ake ankangomva pang'ono. Kusukulu zinamuvuta, poti aphunzitsi akamalankhula iye sankamva. Ali ndi zaka 13 mayi ake anamwalira, ndipo posakhalitsa sukulu inathera panjira.

Pakhomo sanakhale manja lende. Ankawerenga mabuku a bambo ake, n'kumapanga tingolo toyenda ndi mphepo ndi mabaluni a mapepala. Bambo ake ataona lusoli, anamutumiza kumzinda wa Moscow ali ndi zaka 16. Kumeneko sanalowe koleji ayi. Anatha zaka zitatu akudziphunzitsa yekha masamu m'nyumba yowerengeramo mabuku. Tindalama tocokera kwawo ankagulira mabuku ndi zipangizo, iye n'kumagonera buledi ndi madzi basi.

Mu 1879 anakhoza mayeso a uphunzitsi. Caka cotsatira anayamba kuphunzitsa masamu m'tauni ya Borovsk, ndipo anakwatira Varvara Sokolova. Mu 1887 nyumba yawo inapsa, zolemba zake ndi zimene anapanga n'kuthera momwemo. Anayambanso. Mu 1892 banja linasamukira ku Kaluga.

Apa ndiye pali nkhani imene ine imandikoma. Mu 1897 Konstantin anapanga makina ouzira mphepo m'nyumba mwake. Ankadula mapepala olimba, n'kumata tizinthu tosiyanasiyana: tina tozungulira, tina tosongoka, tina taphanthiphanthi. Kenaka ankatiika pamphepo paja, n'kuyeza kuti mphepo ikukankha kati kwambiri. Sanali masewera cabe. Munthu wosauka sangapange combo ceniceni kuti ayeserepo, koma pepala angalipeze. Akalakwitsa, amadula lina.

Mu 1903 anasindikiza nkhani yosonyeza ndi masamu kuti roketi ikhoza kufika kumwamba kwenikweni, kumene kulibe mpweya. Imayenda bwanji? Taganizani mwadumpha kucoka m'bwato pa mtsinje wa Revúbuè. Inu mumapita kutsogolo, bwato limabwerera m'mbuyo. Roketi nayo imalavula moto m'mbuyo, iyo n'kuthamangira kutsogolo.

Anawerengeranso kuti combo cifunika kuthamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi kuti cizizungulira dziko osagwa. Pa liwiro limenelo, ulendo wocoka ku Moatize kukafika ku Zóbuè sungakwane masekondi 15! Atakalamba analemba za maroketi olumikizana ngati mabogi a sitima: imodzi ikatha mafuta imatayidwa, zotsala n'kupitiriza zitapepukidwa. Maroketi a masiku ano amayenda motero.

Kwa zaka zambiri anthu sankamulabadira. Timabuku take tambiri ankasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwake. Anamwalira ku Kaluga mu 1935, asanaonepo combo cikukwera kumwambako.

Pa 4 Okutobala 1957, patatha zaka 100 cibadwire iye, dziko lake linatumiza kacombo kochedwa Sputnik kukazungulira dziko lapansi. Mu 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kupita kumeneko. Caka comweco Gagarin anafika ku Kaluga kukaika mwala woyamba wa nyumba yosungiramo mbiri ya maulendowa. Nyumba ya matabwa ya Konstantin nayo ikadalipo. Alendo amakaona zipangizo zake, ndi malipenga a malata amene ankaika kukhutu kuti amve zimene mnzake akunena.