Ignaz Semmelweis: Dokotala Amene Anawerenga Imfa za Amayi

Mukaona namwino akusamba m'manja asanakugwireni, dziwani kuti mwambo umenewu anaumenyera nkhondo dokotala wina wa ku Hungary, amene anamwalira anzake asanamukhulupirire. Dzina lake ndi Ignaz Semmelweis, ndipo anabadwa pa 1 July 1818 ku Buda, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Budapest.

Mu 1846 anayamba ntchito pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna ku Austria, chimene chinali ndi zigawo ziwiri za amayi oyembekezera. M'chigawo choyamba munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira awo, ndipo m'chachiwiri munali azamba. Amayi ambiri ankamwalira ndi matenda otentha thupi amene ankawagwira atangobereka. Semmelweis atafufuza m'mabuku a chipatalacho, anapeza kuti kwa madokotala kunkamwalira amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse, pamene kwa azamba kunkamwalira pafupifupi 4.

Chifukwa chake chinadziwika mu 1847, pamene mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi mpeni popima mtembo, n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayiwo. Semmelweis anazindikira kuti madokotala ankachoka kopima mitembo n'kupita kukayeza amayi atatenga chinthu chakupha m'manja mwawo. Azamba sankagwira mitembo. Mu May chaka chomwecho analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanayeze mayi. Mu April anali atamwalira amayi 18 mwa 100 alionse, koma pofika July chiwerengerocho chinatsika kufika pa mayi mmodzi.

Umboni unali poyera, komabe madokotala ambiri anaukana. Panthawiyo tizilombo toyambitsa matenda tinali tisanadziwike bwino, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya woipa. Ena zinkawapweteka kuvomera kuti manja awo ndi amene ankapha amayi. Nayenso Semmelweis anachedwa kulemba zimene anapeza: buku lake linatuluka mu 1861, ndipo omutsutsa ankawayankha ndi makalata aukali. Ntchito yake ku Vienna inatha mu 1849. Anamwalira pa 13 August 1865 m'chipatala cha odwala matenda a maganizo, ali ndi zaka 47. Pambuyo pake ntchito ya Louis Pasteur ndi Joseph Lister inatsimikizira kuti ankanena zoona.

Mbiri imeneyi ikukuonetsani kuti zotsatira za kafukufuku sizipulumutsa munthu zikangokhala m'buku. N'chifukwa chake masiku ano zipatala zimaunika ngati ogwira ntchito akutsatiradi zimene zinatsimikizika: zimawerenga kuti amasamba m'manja kangati, ndiponso zimafufuza chimene chachititsa imfa ya mayi. Bungwe la WHO limakumbutsanso anthu za ukhondo wa m'manja pa 5 May chaka chilichonse.

Nanunso muli ndi mbali yanu. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati amene akukuthandizani wasamba m'manja. Ngati mukudwazika matenda, sambani ndi sopo musanagwire wodwala komanso mukamaliza. Ndipo mayi amene wangobereka akatentha thupi, akamva kupweteka kwambiri m'mimba kapena akamatuluka zonunkha kumaliseche, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.