Edsel Ford: galimoto inamudetsera dzina ali m'manda

Edsel Ford anabadwa m'chaka cha 1893 mumzinda wa Detroit ku America. Anali mwana yekhayo wa Henry Ford, yemwe anayambitsa kampani ya magalimoto ya Ford.

Mu 1919 Edsel anakhala mkulu wa kampaniyo, koma mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa bambo ake, omwe kawirikawiri ankakana maganizo ake. Iye sanafooke. Anathandiza kuti kampani igule Lincoln mu 1922, ndipo analimbikira mpaka Model A inalowa m'malo mwa Model T mu 1927. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 26 May 1943 ali ndi zaka 49.

Mu September 1957 kampaniyo inatulutsa galimoto yatsopano n'kuitcha Edsel, ngakhale kuti mwana wake, Henry Ford II, poyamba sanafune. Chokopa chake chinali mabatani osinthira magiya otchedwa Teletouch, omwe anali pakati pa chiwongolero. Dalaivala akadina batani, kamota kamagetsi kankalowetsa giya. Vuto linali lakuti madalaivala anazolowera kupeza hutala pamalopo, komanso zipangizozo zinkawonongeka pafupipafupi.

Mabataniwo anachotsedwa patangotha chaka chimodzi, ndipo mu November 1959 kampani inaleka kupanga galimotoyo itataya madola oposa 250 miliyoni. Mpaka lero ku America dzina lakuti Edsel amalitchula ponena za katundu wokanika pamsika, chonsecho mwini dzina sanaione galimotoyo n'komwe.