Janet Parker, wojambula zithunzi amene adafa ndi nthomba yothawa mu labotale

Mukafunsa agogo a kwa Chigaru kapena ku Lirangwe za nthomba, akuuzani za nthenda yomwe inkasiya zipsera kumaso, ena mpaka kuchita khungu. Kuno ku Malawi nthombayi idaoneka komaliza m'chaka cha 1971. Koma munthu wotsiriza kufa nayo padziko lonse sadali wa m'mudzi wosowa chipatala ayi. Adali mayi wa mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, wogwira ntchito pasukulu yophunzitsa madokotala.

Mayi Janet Parker adabadwa m'chaka cha 1938. Adayamba agwirapo ntchito yojambula zithunzi kupolisi, kenako n'kulowa ntchito payunivesite ya Birmingham, m'nthambi yophunzitsa za kapangidwe ka thupi la munthu. Tizirombo ta matenda sidali ntchito yawo. Tsoka lidali lakuti chipinda chawo chotsukira zithunzi chidali pamwamba pa labotale ya Pulofesa Henry Bedson, katswiri amene ankasunga ndi kufufuza kachirombo ka nthomba.

Nthawi imeneyo nthomba idali itatsala madzi amodzi. Womaliza kuitenga mwachilengedwe adali Ali Maow Maalin wa ku Somalia mu Okutobala 1977, ndipo adachira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkafuna kuchepetsa malo osunga kachiromboka, choncho labotale ya a Bedson idayenera kusiya ntchitoyi pakutha pa 1978. Akatswiri a bungweli atayendera malowo mu Meyi chaka chomwecho adapeza zoperewera, komabe ntchito idapitirira.

Pa 11 Ogasiti Mayi Parker adayamba kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Patapita masiku, zidzolo zidatuluka. Poyamba anthu adaganiza za katsabola. Ndani akadaganiza za nthomba m'dziko lomwe idali itaiwalika? Katemera wa nthomba adabayitsapo mu 1966, koma pakutha pa zaka 12 mphamvu yake idali itachepa.

Pa 24 Ogasiti adawagoneka kuchipatala cha East Birmingham, komwe Dokotala Alasdair Geddes adakayikira nthomba. Madzi a m'matuza adapita nawo kwa a Bedson, ndipo eni labotalewo ndiwo adatsimikiza za nthendayo. Wodwalayo adamusamutsira kuchipatala chapadera cha Catherine-de-Barnes. Anthu pafupifupi 260 adawabindikiritsa, ndipo ena pafupifupi 500 adalandira katemera.

Mwezi wa Seputembala udabwera ndi maliro atatu. Bambo awo a Mayi Parker adamwalira ndi mtima pa 5 ali m'chibindikiro. A Bedson, amene adadzivulaza okha pakati pa phokoso la atolankhani, adatisiya pa 6. Mayi Parker adatsirizika pa 11 Seputembala ali ndi zaka 40, ndipo thupi lawo lidatenthedwa poopa kufalitsa nthendayo. Mayi awo owabereka adaitenganso koma adachira.

Boma lidatuma Pulofesa Reginald Shooter kuti afufuze. Lipoti lake lidati kachirombo kamene kadapha mayiwa n'kamtundu womwe unkafufuzidwa mu labotale ija. Lidapezanso kuti malowo adalibe kachipinda ka zitseko ziwiri kolekanitsa mpweya wa mkati ndi wa kunja, adalibe bafa losambiramo potuluka, ndipo ntchito zina zinkachitikira kunja kwa kabati yotetezera.

Zimenezi si zazing'ono. Kabati yotere imakoka mpweya kuchoka kwa wogwira ntchito n'kuusefa usadatuluke. Mu labotale yomangidwa bwino mpweya umalowa mkati, sutulukira pakhomo, ndipo zovala ndi zida zimaphikidwa m'nthunzi yotentha kwambiri zisanachoke m'chipindamo. Chimodzi chikasowa, amene ali pangozi si katswiri yekha, yemwe kawirikawiri amakhala ndi katemera watsopano, komanso wosesa, mlonda ngakhale wojambula zithunzi wa chipinda chapamwamba.

A Shooter adaganiza kuti kachiromboka kadakwera ndi mpweya kudzera mumpata wa mapaipi, n'kufika m'kachipinda ka telefoni komwe Mayi Parker ankaimbirako pooda zipangizo. Akatswiri ena adatsutsa zimenezi m'khoti, ndipo mu 1979 yunivesiteyo idapezeka yosalakwa pamlandu wophwanya malamulo a chitetezo cha pantchito. Chigamulocho n'chovuta kuchimeza, poti palibe adatsutsa zoti kachiromboko kadachokera m'nyumba yomweyo.

Imfayi idafulumizitsa ntchito yowononga kapena kusamutsa kachirombo ka nthomba komwe kadali m'malabotale osiyanasiyana. Pa 8 Meyi 1980 bungwe la WHO lidalengeza kuti nthomba yatheratu, ndipo patapita nthawi malo ovomerezeka kusunga kachiromboka adatsala awiri okha, ku Atlanta m'dziko la America ndi ku Russia.